Manja sapuma koma ndalama sizioneka: yankho kwa mayi woluka wa ku Bembeke

Kalata ya sabata ino yachokera ku Bembeke, m'boma la Dedza. Ndaifupikitsa pang'ono, koma mawu ndi a eni ake:

"Alangizi, ndine mayi wa ana atatu. Kuluka ndinaphunzira kwa agogo anga ndili kamtsikana, ndipo ndimalukira singano imodzi ija ya kangowe kunsonga. Poyamba ndinkangoluka pokondweretsa mtima madzulo ntchito zikatha, koma anthu ataona shawelo ya mwana wanga wachitsirizira anayamba kundipempha. Pano ndimaluka mashawelo, tizipewa ndi timasokosi ta makanda. Ulusi ndimagula pa K4,500 mpukutu wa magalamu 100. Shawelo imadya mipukutu 6, imanditengera masiku 12 ndikamaluka maola atatu patsiku, ndipo ndimagulitsa K35,000. Kachipewa ndi timasokosi ndimatsiriza madzulo amodzi, zonse pamodzi ndimagulitsa K6,000. Chondidabwitsa n'chakuti manja sapuma koma ndalama sindiziona. Anzanga akuti ndikongole K200,000 kubanki m'khonde yathu kuti ndikaode ulusi wambiri ku Lilongwe. Chiwongoladzanja ndi K20 pa K100 iliyonse pamwezi. Ndikongole?"

Mayi, musakongole. Pakadali pano ayi. Vuto lanu si kuchepa kwa ulusi, ndipo ngongole ingangokulitsa bala lomwe muli nalo kale. Tiyeni tikhale pansi tiwerengere limodzi, pogwiritsa ntchito manambala anu omwewo.

Mipukutu 6 pa K4,500 ndi K27,000. Mukagulitsa shawelo pa K35,000 mumatsala ndi K8,000. Inu mumaiona ngati phindu, koma ndalama imeneyo ndi malipiro a maola 36 omwe mwakhala mutawerama, maso ali pa ulusi, msana ukuwawa. Tikaigawa, ola lililonse mwalandira K222. Sitinachotsepo ya minibasi yokagulira ulusi, sitinachotsepo mayunitsi oimbira mwini shawelo kuti abwere adzatenge. Mu 2025 boma linaika malipiro otsikitsitsa a wantchito pa K126,000 pamwezi, kutanthauza pafupifupi K600 pa ola. Ndiye kuti inu, mwini luso, mukudzilipira ndalama yosafika ngakhale theka la zomwe lamulo limalola kuti bwana alipire munthu wongoyamba kumene ntchito. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa si inu nokha. Amayi oluka ambiri amene ndacheza nawo amawerengera ulusi wokha, nthawi yawo n'kuitaya ngati madzi otsukira mbale.

Tsopano taonani kachipewa ndi timasokosi tija timene mumationa ngati tantchito tapambali. Mwa ulusi wa kukula kwapakati, umene papepala lake amalemba kuti DK, kachipewa ka khanda ndi timasokosi take zimadya pafupifupi theka la mpukutu. Ndiye kuti ulusi wa K2,250. Mukagulitsa K6,000 mwatsala ndi K3,750 pa maola atatu, yomwe ndi K1,250 pa ola. Maola 36 omwe mumathera pa shawelo imodzi mukanaluka tizipewa ndi timasokosi ta makanda 12, n'kutsala ndi K45,000 m'malo mwa K8,000. Katundu amene mumanyadira naye ndi amene akukudyerani, ndipo amene mumamupeputsa ndi amene akudyetsa bizinesi yanu.

Ngongole ija nayo tiiyeze. K200,000 ikugulirani mipukutu 44, kapena yoposerapo pang'ono ngati mwapeza mtengo wabwino wa kooda. Imeneyo ndi mashawelo 7. Pa liwiro lanu mashawelo 7 ndi masiku 84, tingoti miyezi itatu, ndipo apo ndiye kuti simunadwale, simunapite kumaliro, simunakumbe mbatatesi. Chiwongoladzanja cha miyezi itatu ndi K120,000. Zotsala pa mashawelo 7 ndi K56,000. Mukuona nokha kuti pomaliza mudzagulitsa mbuzi kuti mubweze ndalama za gulu. Banki m'khonde ndi yabwino, ndipo ine ndimailimbikitsa kwambiri, koma ngongole yake imayenera bizinesi imene katundu amatuluka lero n'kubwera mawa, monga tomato ndi kabichi wa pa Lizulu. Zoluka zimayenda pa liwiro la zala zanu, ndipo zala sizithamanga chifukwa choti m'nyumba mwadzaza ulusi. Kugulu kuja pitirizani kuponya masheya. Mukadzagawana pakutha pa chaka, ndalama imeneyo ndiyo mudzaodere ulusi, ilibe wokulondolani.

Nanga shawelo muisiye? Ayi, musaisiye, chifukwa ndi imene inakutchukitsani. Koma isinthe mtengo ndi kagulitsidwe. Ulusi K27,000, kuphatikiza maola 36 pa K600 omwe ndi K21,600, kuphatikizanso kenakake ka mayendedwe: shawelo yanu isatsike pa K50,000. Ndikudziwa kuti mtima wagunda pomva zimenezi, ndipo mukuganiza kale za anthu amene anene kuti "pa kaunjika ndipeza ya theka la mtengo umenewo." Akunena zoona. M'masitolo mulinso mabulangete a makanda ochokera kunja otsika mtengo, ofewa bwino. Amenewo musapikisane nawo, mungagonje musanayambe. Wofuna chofunda chabe apite akagule kumeneko, ndipo musakwiye naye. Kasitomala wanu ndi wina: agogo amene akudikira mdzukulu woyamba, azakhali a ku Lilongwe amene akufuna mphatso yoti akaitulutsa anthu afunse kuti "mwaipeza kuti?", amayi a kumpingo amene asonkherana kuti akaone mwana wa mnzawo akatuluka m'chikuta. Anthu amenewa akugula chinthu choti palibe wina ali nacho, cha mtundu umene asankha okha. Dziwaninso kuti kaluko ka singano ya kangowe n'kosiyana ndi ka singano ziwiri. Majuzi a sukulu aja makina amaluka ambirimbiri patsiku, koma kaluko kanuka kamafuna manja a munthu, ndipo kamadya ulusi wochulukirapo. Muzimuuza kasitomala zimenezi mosachita manyazi.

Shawelo muziluka pokhapokha munthu waitanitsa, ndipo apereke kaye ndalama yonse ya ulusi musanagwire singano. Yotsalayo apereke tsiku lotenga, shawelo isanatuluke pakhomo. Ngati ali kutali atumize pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo uthengawo musafufute. Mukatero mukuluka ndi ndalama za kasitomala, osati za ngongole, ndipo wosatsimikiza amaonekera pomwepo.

Apa ndiyenera kunena za abale ndi anansi, ngakhale simunawatchule m'kalata yanu. Ndikudziwa kuti alipo. Mayi anga aang'ono, amene ankakhala ku Ntcheu, anali katswiri woluka. Ndimawakumbukira atakhala pa mkeka pakhonde, mpukutu wa ulusi atauika m'kabeseni kuti usagubuduzike m'fumbi, chala chamkombaphala chitachita kamzere kofiira pomwe ulusi umadutsa. Makanda ambiri a m'mudzimo anatuluka m'chikuta atavala za m'manja mwawo. Koma atamwalira tinapeza kope lodzaza maina a anthu amene anati "ndidzapereka ndikakolola," ndipo ambiri sanapereke. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Sindikuti muume mtima. Mwana wa mchemwali wanu akabadwa, mulukireni kachipewa, mupereke ngati mphatso, mtima uli mbee, ndipo mulembe m'kope kuti mwapereka mphatso. Koma chimene si mphatso chilipiridwe. Mawu oti munene alipo, ndipo si achipongwe: "Pepani achemwali, ulusiwu ndi wa bizinesi, ndikapanda kubweza ndalama yake mawa ndilibe cholukira."

Kope limenelo mugule lero. Tsamba lina muzilemba zolowa, lina zotuluka, ndipo pa chinthu chilichonse mulembe ulusi umene chadya ndi maola amene chatenga. Ndalama za zoluka zikhale pazokha, kaya m'kachitini kaya pa nambala yapadera ya foni, zisasakanikirane ndi za ndiwo. Ndalama zambiri za amayi a mabizinesi ang'onoang'ono sizibedwa, zimangosungunuka: lero mchere, mawa kuchigayo, mkuja sopo. Mukafuna kutapapo, tapani pa malipiro anu a maola aja, za ulusi zisakhudzidwe.

Chinthu china chimene chagwetsa ambiri ndi kuika mtengo poyang'ana zimene unagulira m'malo moyang'ana zimene ukagulire. Ulusi wambiri wa m'masitolo athu umachokera kunja, choncho kwacha ikagwa nawo umakwera. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Amene anagulitsa katundu wawo pa mtengo wakale masiku amenewo anapita kooda n'kubwerako ndi katundu wochepa. Musanatchule mtengo kwa kasitomala, imbani kaye foni kumene mumagula mufunse kuti mpukutu uli pa zingati lero.

Za ulendo wa ku Lilongwe, kuchokera pa boma la Dedza ndi makilomita opitirira 80, ndipo kupita ndi kubwera kungadye phindu la shawelo yathunthu. Gwirizanani ndi anzanu awiri kapena atatu oluka, mmodzi apite m'malo mwa onse, mugawane ya minibasi. Pogula, yang'anani kapepala kokulunga mpukutu. Kuwonjezera pa nambala ya mtundu pamakhala nambala ina ya gulu limene ulusiwo unanyikidwira limodzi mu utoto. Ulusi wa shawelo imodzi ukhale wa nambala imodzi, ndipo mugule wokwanira nthawi imodzi. Mipukutu iwiri yooneka yofanana m'sitolo imatha kusiyana mukaitulutsa padzuwa, ndipo shawelo ya K50,000 yokhala ndi mbali ina yotuwirako kasitomala adzaikana, mlandu n'kukhala wanu.

Tsopano msika wa tizipewa ndi timasokosi, poti ndanena kuti phindu lili kumeneko, koma makanda 12 sabadwa m'mudzi umodzi pa masabata awiri. Apa mwayi wanu ndi dera lanu lomwelo. Dedza ndi kumtunda, ndipo kuzizira kwake aliyense m'Malawi muno amakudziwa. Taimani pamsewu m'mawa wa mwezi wa June, nkhungu itaphimba phiri, muone amayi akupita kusikelo: mwana kumsana, chitenje, pamwamba pake chofunda, chooneka ndi kachipewa kokha. Mayi aliyense woyembekezera amakonzeratu chikwama chopita nacho kuchipatala, ndipo kachipewa ndi timasokosi sizisowamo, chifukwa khanda limataya kutentha msanga, makamaka kumutu. Ana obadwa masiku asanakwane, amene amasamalidwa mwa njira ya kangaru yowagoneka pachifuwa cha mayi, amafunika kwambiri tinthu timeneti, ndipo tating'ono tokwana mitu yawo sitipezeka wamba pa kaunjika. Lukaniko tingapo tocheperapo. Mutu wa khanda lobadwa pa nthawi yake umazungulira masentimita pafupifupi 35, ndiye muyambire pamenepo, tina tikhale tocheperapo, tina tokulirapo. Pa malo a chipatala musagulitse popanda chilolezo cha akuluakulu apamenepo. Masiku a sikelo mungakhale kunja kwa mpanda pamodzi ndi ogulitsa anzanu, mutadula chiphaso cha khonsolo, kapena kusiya katundu kwa wa golosale wapafupi mutagwirizana zoti azitapapo kangachepe pa chilichonse chogulidwa. Amene mukukhala pafupi ndi msewu wa M1, kumbukirani kuti pa Lizulu ndi pa Bembeke pamaima anthu a m'tauni ogula ndiwo zamasamba, ndipo m'matumba mwawo mumakhala ndalama.

Foni nayo ikugwirireni ntchito. Jambulani katundu wanu m'mawa panja, pamthunzi wowala, mutamuyala pa nsalu yoyera yopanda maluwa, ndipo muike pa WhatsApp ndi pa Facebook mtengo uli pomwepo. Chithunzi cha mwana wa eni musaike osapempha makolo ake.

Poti ndi zovala za makanda, pali zina zosafunika kunyengerera. Mikanda, mabatani ndi timaluwa tongomata musaike, mwana amakoka n'kuika m'kamwa. Zingwe zazitali zomangira pakhosi musaike. Maboo a shawelo asakule moti tizala n'kukodwamo. Nsonga za ulusi muzibise bwino kuti zisasomphoke pochapa. Ulusi muuyese pa tsaya lanu, ukakukandani ndiye kuti khanda umuvutitsa koposa. Mukamaliza chapani ndi sopo wosanunkhira kwambiri, muyanike chogoneka kuti zisatamuke, muike m'kapepala koyera. Mayi mmodzi akakhutira amauza anzake onse a pa mzere wa kusikelo.

Kumbukiraninso kalendala. Katundu wanu amayenda kuyambira May mpaka August, nthawi imene kukuzizira komanso anthu ali ndi ndalama za zokolola. Ndiye tizipewa muyambe kuunjika mu February ndi March, kuti chisanu chikamafika chikupezeni muli ndi thumba lodzaza. October akafika ndi dzuwa lake, shawelo sifunidwa kwenikweni. Miyezi imeneyo lukani madoilo, timalamba ta kumutu ta ana aakazi ndi tizikwama, ndipo tizidutswa ta ulusi totsala pa mashawelo musataye, timatulutsa timasokosi ta mizeremizere tomwe ulusi wake munaulipira kale.

Chimene ndikukupemphani ndi ichi, mayi. Pa ndalama zimene muli nazo gulani mipukutu 4 yokha, iwiri yoyera, umodzi wachikasu, umodzi wobiriwira mopepuka, mitundu imene mayi amagula asanadziwe ngati mwana adzakhale wamwamuna kapena wamkazi. Imeneyo ndi K18,000, ndipo ikupatsani tizipewa ndi timasokosi ta makanda 8, za K48,000. Shawelo yotsatira mutchule K50,000 ndipo mulandire kaye za ulusi. Pakatha miyezi iwiri mundilemberenso, mundiuze zimene kope lanu likunena, kuphatikizapo anthu angati amene anabwerera atamva mtengo watsopano ndi angati amene analipira. Za kooda ku Lilongwe tidzakambirana titaona manambala amenewo.