Akundinyoza pa Facebook chifukwa ndine Msena: kodi ndi mlandu?

Mayi a ku Bangula, mwalemba kuti mumagulitsa nsomba zouma za mu Shire, ndipo munaika chithunzi chanu ndi nambala ya foni pa gulu la malonda la pa Facebook. Pansi pake anthu anayamba kulemba kuti Asena onse ndi afiti oweta ng'ona, kuti mubwerere kwanu ku Mozambique. Mmodzi anakutchulani dzina n'kunena kuti ndinu mfiti, ndipo tsopano amakutumizirani mauthenga pa WhatsApp usiku ndi usiku kuti adzaotcha benchi lanu. Mukufunsa ngati pali mlandu.

Mlandu ulipo, mayi, koma mawu onsewa salemera mofanana kukhothi. Amene akupwetekani kwambiri mumtima, onyoza mtundu wanu wonse, ndiwo ovuta kwambiri kuwatengera ku bwalo. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino, a mu 1994, limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu, chilankhulo kapena kumene anachokera, ndipo gawo 19 limateteza ulemu wa munthu aliyense. Lamulo la mu 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, pa gawo 24, limanenanso kuti ufulu wolankhula pa intaneti ukhoza kuchepetsedwa pofuna kuletsa zoyambitsa chidani cha mitundu kapena kudana ndi alendo. Komabe munthu akangoti “Asena onse ndi otere” osatchula dzina, simungamusumire kuti wakuipitsirani mbiri inuyo, chifukwa mlandu woipitsa mbiri umafuna kuti owerenga azindikire kuti akunena inu. Ichi n'chowawa, koma ndi bwino muchidziwe musanawononge ndalama za thiransipoti.

Mphamvu yanu ili pa munthu uja wakutchulani dzina. Iyeyo wadzikola yekha kangapo.

Kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la za ufiti la mu 1911, ndipo chilango chake chimafika zaka 5 kundende. Ambiri sadziwa kuti lamuloli likugwirabe ntchito. Mawu amenewa musawapeputse: m'midzi mwathu anthu, makamaka okalamba, amenyedwapo ngakhale kuphedwa kumene chifukwa cha mphekesera zoyamba chonchi. Kuopseza kuti adzaotcha benchi kukugwera pa gawo 86 la lamulo la mu 2016 lija, lomwe limalanga wogwiritsa ntchito foni kapena kompyuta poopseza mobwereza kuti avulaza munthu kapena kuononga katundu wake. Chilango chake ndi K2,000,000 ndi zaka 5. Mauthenga a usiku uliwonse aja akugwera pa gawo 87, loletsa kusokoneza mtendere wa munthu mwadala komanso mobwerezabwereza, ndipo pamenepa ndi K1,000,000 ndi miyezi 12. Taonani mawu akuti mobwerezabwereza. Uthenga umodzi siwokwanira pa gawo limeneli, n'chifukwa chake uthenga uliwonse umene musunge uli ndi ntchito.

Milandu yambiri yotere imafera pa umboni. Munthu amakwiya, amafufuta mauthenga, amatseka nambala ija, kenako amapita kupolisi chimanjamanja. Inu musafufute kanthu. Jambulani sikirini ya ndemanga iliyonse moti dzina la wolemba, tsiku, ndi chimene munaika inu zioneke pamodzi. Tsekulani tsamba la munthuyo, mulijambulenso, ndipo mukopere linki yake, pakuti dzina la pa Facebook amasintha m'kanthawi kochepa. Pa WhatsApp pali msampha: ngati nambalayo munaisunga ndi dzina, sikirini ionetsa dzina lomwe munalemba nokha, ndipo iye adzakana kuti si iyeyo. Dinani pa dzinalo kuti nambala yonse ioneke, mujambule. Mauthenga a mawu asungeni momwe alili. Zonsezi mutumizenso ku foni ya m'bale amene mumamukhulupirira. Kwathu kuno madzi akasefukira foni imapita limodzi ndi ziwiya. Mukamaliza apo m'pamene mukanene ku Facebook kuti ndemangazo ndi zachidani, chifukwa akazichotsa musanajambule umboni wapita.

Ndipo musamubwezere. Mukangoyankha monyoza mtundu wake, gawo 182 la Penal Code (buku la malamulo a milandu yomangitsa), loletsa mawu achipongwe oputa mnzako kuti achite ndewu, likukhudzani nonse awiri, ndipo woweruza adzaona ngati kukangana kwa pamsika basi.

Kupolisi mupite ndi foni yeniyeniyo, chitupa chanu cha unzika, ndi masikirini osindikiza papepala ngati mungathe. Yambani ndi polisi ya pafupi, ku Bangula komweko, kapena ku Nsanje boma. Popereka sitetimenti musayambe ndi “andinyoza”, chifukwa mungauzidwe kuti mukakambirane kumudzi. Yambani ndi kuopsezako ndi kunenedwa ufiti, mutchule masiku ndi kuchuluka kwa mauthenga. Akakulemberani, akuwerengereni musanasaine, ndipo mutenge nambala ya dandaulo lanu ndi dzina la wapolisi wofufuza. Akafuna kusunga foni ngati umboni, akupatseni kapepala kosonyeza kuti aitenga.

Nambala ya WhatsApp ija ndi chingwe chabwino, popeza kuyambira mu 2018 simu khadi iliyonse imalembetsedwa. Inuyo Airtel kapena TNM sangakuuzeni mwini wake. Apolisi ndiwo amatenga chilolezo cha khothi n'kukafunsa. Vuto limabwera ngati simuyo inalembetsedwa ndi chitupa cha munthu wina, kapena ngati ndi ya ku Mozambique, zomwe sizachilendo cha ku Marka, kumalire ndi dzikolo. Akaunti yabodza ya Facebook njovuta kuposa apo, chifukwa kampani ya Meta, mwini wa Facebook, ili ku America ndipo siiyankha msanga.

Ngati mukufuna chipukuta misozi, imeneyo ndi njira ina, yosuma nokha. Mu 2025 khothi lalikulu linagamula kuti gawo 200 la Penal Code, lomwe linkati kuipitsa mbiri ya munthu ndi mlandu womangitsa, likutsutsana ndi malamulo aakulu. Choncho pa za mbiri yanu musadikire apolisi. Loya amayamba ndi kalata yomuuza munthuyo kuti afufute, apepese pomwe ananyozerapo, ndiponso alipire. Akakana, nkhani imalowa m'khothi. Chiletso choti asiye kulemba za inu chimaperekedwa ndi khothi lalikulu ku Blantyre, osati la majisitireti. Lembani m'kabuku oda iliyonse imene yabwezedwa kuyambira tsiku limene ndemangazo zinayamba, ndipo kasitomala amene anakuuzani chifukwa chosiyira kugula mumupemphe adzakhale mboni. Koma muyeze kaye: ngati wonyozayo alibe kalikonse, mudzapambana papepala pokha. Ngati ndalama za loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza pa milandu anthu osakwanitsa kulipira loya.

Za kunyozedwa kwa Asena onse zija musangozitaya. Zitengereni ku Malawi Human Rights Commission, yomwe imalandira madandaulo a tsankho kwaulere, ndipo dandaulo limamveka bwino mukasainirana angapo amene munakhudzidwa. Woyang'anira gulu lija mumulembere uthenga, osati kumuimbira, kumupempha kuti achotse ndemangazo ndi kutulutsa munthuyo, ndipo yankho lake, ngakhale kukhala chete kwake, mulijambulenso.

Ngati munthuyo ndi wodziwika m'dera lanu, amfumu angathe kukukhazikani pansi pa za chipongwecho, koma kupepesa kwake akakulembe pa gulu lomwelo, pomwe makasitomala anu anawerenga bodzalo. Za kuotcha benchi zokha zisathere kwa amfumu. Zimenezo zikhale m'buku la apolisi sabata ino, ndipo auzeni a komiti ya msika kuti mlonda wa usiku adziwe.