Mwana wanga wasankhidwa kupita ku Chanco, ndimvere ndani?

Mayi wina wa ku Bembeke wandilembera kuti mwana wawo wamkazi wasankhidwa kukaphunzira ku University of Malawi ku Zomba, koma mtima wawo suli m'malo. Malume ake a mtsikanayu, omwe anaphunzira komweko idakali kutchedwa Chancellor College (Chanco) m'zaka za m'ma 1980, akuti palibe chodandaula chifukwa kumeneko mwana amapatsidwa pogona ndi chakudya. Amayi anzawo a kumpingo akuti atsikana akapita ku Chanco amabwerako atalowerera.

Mayi, poyamba landirani moni ndi mafuno abwino. Mwalera, ndipo mwanayo wakuchotsani manyazi.

Zimene malume akunena n'zoona, koma ndi za nthawi yawo. Yunivesiteyi itayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri mu Blantyre, ophunzira analipo 90 okha, ndipo Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973. Masiku amenewo boma linkagoneka ophunzira m'mahositelo n'kumawadyetsa ku kafiteriya. Mwana wa nduna ndi mwana wa mlimi wa kachewere ankaima pamzere umodzi, mbale ili m'manja, kudikira nsima imodzimodzi. Chibale chinkayambira pamenepo. Madzulo ena ankakaonera zisudzo za Travelling Theatre, ena ankakamvetsera ndakatulo ku gulu la alembi, ndipo pofika chaka chachinayi munthu ankadziwa pafupifupi aliyense. Chimene malume sanakuuzeni n'chakuti ufulu kunalibe. Lamulo la 1973 linkaletsa akazi kuvala thalauzi ndi siketi yaifupi mpaka pamene linathetsedwa mu 1993, ndipo zandale zinkakambidwa monong'ona poopa akazitape. Mu Marichi 1992 ophunzira a ku Zomba ataguba kuchirikiza kalata ya maepiskopi a Katolika, koleji inatsekedwa.

Lero zinthu zinatembenuka. Ufulu ulipo wambiri, koma mbale ija kulibe. Mayunivesite aboma anachuluka: Bunda inasanduka LUANAR, MUST inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 Polytechnic inakhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala KUHeS. Ophunzira anachuluka kuposa zipinda. Ku Zomba ambiri amachita lendi ku Chikanda ndi madera ena ozungulira, amadziphikira kapena kugula chakudya ndi ndalama za m'thumba mwawo. Choncho anzake a mwana wanu sadzakhala aliyense wa pakoleji ayi. Adzakhala amene akugona nawo nyumba imodzi, amene ali nawo pa gulu la WhatsApp la kalasi, ndi amene thumba lawo likufanana ndi lake. Kusiyana kwa wolemera ndi wosauka, komwe kale kunkabisika, tsopano kumaonekera pa foni, pa laputopu ndi pa chimene munthu wadya masana.

Apa ndi pamene ndikusiyana ndi amayi a kumpingo. Ine sindikhulupirira kuti Zomba imawononga atsikana. Chimene chimagwetsa ana ambiri, anyamata ndi atsikana omwe, ndi njala ndi manyazi. Mtsikana amene lendi yamukwanira, ufa ulipo, sakopeka msanga ndi bambo wagalimoto womulonjeza bandulo ndi chipisi. Mnyamata amene ndalama zamuthera pa 10 mwezi ndiye amayamba kubetcha mpira pa foni poganiza kuti abweza. Ana oterewa sanena kunyumba. Amadziwa mmene munavutikira kugulitsa mbatatesi kuti apeze fizi, ndiye amangokhala chete.

Tsono nkhawa yanu muiike pa pogona ndi pa mphika. Mwana afunsire malo a mu hositelo msanga, koma musadalire kuti apeza. Sukulu isanatsegulidwe, inu kapena malume mupite naye, mukaone nyumbayo ndi maso anu: chitseko chili ndi loko wolimba? Madzi ndi magetsi zilipo? Kuchoka ku laibulale usiku adzayenda mtunda wotani, ndipo ndi ndani? Musatumize ndalama kwa munthu wongomudziwira pa foni amene akuti ali ndi chipinda. Pezani mwana wa kwathu kuno amene ali kale m'chaka chachiwiri kapena chachitatu kuti akuperekezeni, pajatu safunsa anadya phula.

Ngongole ya boma nayonso musaiphonye. Bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe linakhazikitsidwa mu 2015, limabwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa, ndipo limalengeza nthawi yofunsira. Mwana akonzeretu chiphaso cha unzika ndi kalata yomuitana kusukulu. Ndi ngongole ndithu, adzabweza akamaliza, komanso siikwanira zonse. Ndalama zanu muzitumiza pa Mpamba kapena Airtel Money pang'onopang'ono pa tsiku lodziwika, osati zonse kamodzi. Kathumba ka ufa, nyemba ndi kachewere kokwezedwa pa basi yodzera ku Ntcheu, Balaka ndi Liwonde kamapulumutsa zambiri kuposa mmene mungaganizire.

Iwe mwanawe, poti mayi ako akuwerengera izi: akakutcha yaro, dzina lonyazitsa wophunzira wa chaka choyamba, usakhumudwe, aliyense anayambira pomwepo, koma wina akakukakamiza kumwa kapena kukugwira mosayenera, kanene ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira. Usadzitsekere m'chipinda poopa kuoneka wakumudzi. Lowa magulu a ophunzira achikhristu monga SCOM ndi YCS kapena gulu la mpingo wako, kwaya, netiboli, ndi kagulu kowerengera limodzi. Anthu amenewa ndi amene adzakubwereke manotsi ukadwala, ndipo mawa ndi omwewo adzakutsine khutu ntchito ikatuluka. Phunziro likakuvuta, pita kwa mphunzitsi mayeso asanafike, ndipo ukalephera uwauze mayi ako msanga kuti ndalama ya ulendo wokalemba mayeso obwereza ipezeke nthawi ikadalipo.