Ueff yaikuluyo isakupusitseni achimwene

Achimwene, inu amene mukufufuza ma single-molecule magnet (molekyulu imodzi yochita ngati maginito), musayambe kuvina chifukwa Dy (dysprosium) yanu yaonetsa Ueff yaikulu. Ueff ndi barrier, ngati phiri limene spin, kamaginito ka mkati mwa molekyuluyo, iyenera kukwera kuti itembenuke. Ine nambala imeneyi inandivula pagulu.

Miyeso ya ac susceptibility, yoona mmene spin ikutembenukira, ndinapangira kunja, pa SQUID (makina oyezera maginito) ya eni ake, kulemba ndinadzalembera kuno ku Dedza. Supavaiza anangoti jambulani ln τ ndi 1/T, (τ ndi nthawi imene spin imatenga kuti itembenuke, T ndi temperature), kokani mzere wowongoka, slope yakeyo ndiye barrier. Madontho a kozizira kwambiri, amene ankapindika n'kugona, anati ndi phokoso chabe, chotsani. Ndinachotsa. Mwana wa sukulu angatsutse bwanji bwana?

Viva, mayeso a pakamwa oteteza thesis, inali mu June, pa Zoom, chisanu cha ku Dedza chija, ine m'jekete yobwereka zala zili gwa. Mayi amene ankandiyesa anandisiya ndilankhule mpaka ndithe. Kenako anati, ndionetseni hysteresis ya pa 2 K, girafu yoonetsa ngati maginito akutsala mukachotsa magnetic field. Ndinaiika. Pakati, pamene field ili 0, inali yofinyika ngati chiuno cha mavu, kutanthauza kuti maginito ankatha msanga. Anafunsa mofatsa: ngati phiri ndi lalitali chonchi, spin yanu ikufika bwanji kuseri msanga chotere? Kukamwa kunauma. Ndinayang'ana kabokosi ka supavaiza, munthu wazimitsa kamera! Pambuyo pake anandilembera kuti ndinayenera kudziwa ndekha. Miyezi 6 yolembanso, bandulo ndikugula ndi ndalama ya mbatata za amayi. Mpaka lero sanapepese.

Nkhani ndi iyi. Spin ya Dy3+ ili mbali imodzi ya phiri, pa mJ = +15/2, kuti itembenuke ifike pa −15/2. Ueff imangoyeza njira yokwera phiri, yotchedwa Orbach. Koma spin si yopusa. Kukazizira imadzera njira ina yosafika pamwamba, yotchedwa Raman, kapena kungoboola phirilo ndi quantum tunnelling (QTM), ndipo madontho amene ndinataya aja ndi amene ankanena zimenezi. Taonani: mu 2016 kunatuluka Dy ya pentagonal bipyramid ya Ueff 1815 K, koma blocking temperature yake, temperature imene maginito ake amalekezera kusungika, 14 K yokha. Dy ina yotchedwa dysprosocenium, ya ku Manchester ya 2017, barrier yake inali yocheperako, 1223 cm⁻¹, pafupifupi 1760 K, koma hysteresis mpaka 60 K. Ya gulu la Layfield mu 2018 inafika 80 K, kupitirira 77 K ya liquid nitrogen. Chinsinsi cha ziwiri zomalizazi ndi ma ligand (mamolekyulu ogwira Dy) awiri olimba pamwamba ndi pansi, m'mbali mopanda kanthu.

Ndiye fit yanu ikhale ndi zonse zitatu, Orbach, Raman ndi QTM, dontho lililonse likhalepo. Sakanizani sampulo ndi compound yofanana nayo ya yttrium, muyesenso ndi ka dc field kochepa, muone ngati tunnelling ikuchepa. τ0, nambala ina yotuluka mu fit ya Orbach, ikatalikirana kwambiri ndi 10⁻¹¹ kapena 10⁻¹² s pa barrier yaikulu, kayikirani.

Komabe mu abstract Ueff ija iikeni patsogolo, anthu amayamba kuyang'ana pomwepo. Ndipo supavaiza musakangane naye, amasaina ndi iyeyo. Ingosungani raw data yonse pa flash yanuyanu.