Kodi a Banda onse ndi amodzi?

Mayi wina wa kwa Makanjira kuno ku Mangochi wanditumizira imelo. Iye ndi Myao, Msilamu, koma dzina la bambo ake ndi Banda, ndiye anzake kuntchito amamunena kuti ndi Mchewa wobisala. Wapezanso a Banda ena a ku Mexico pa Facebook. Akufunsa ngati onsewa ndi abale ake.

Achemwali, ndiyambe ndi zimene zikukuwawanizo. Banda ndi mfunda, si mtundu, ndipo mfunda sutsata chilankhulo kapena chipembedzo. Pakati pa Amaravi mifunda ikuluikulu inali iwiri, Phiri ndi Banda. Akuluakulu amasimba kuti pa Kaphirintiwa ena anagona pamwamba pa phiri, ena anabanda udzu m'munsi mwake n'kugona pomwepo, mayina n'kuyambira apo. Ufumu wa Kalonga unali wa a Phiri, koma zopempha mvula zinali m'manja mwa a Banda. Ngakhale Mwali, mkazi wamkulu wa Kalonga, ankachokera kwa a Banda. Likulu lawo la Mankhamba linali cha ku Mtakataka, pafupi pomwepa.

Ayao atabwera kuchokera ku Mozambique m'zaka za m'ma 1800, sanapeze dziko lopanda anthu. M'mbali mwa nyanja ndi mtsinje wa Shire munali kale Anyanja. Anakwatirana, anaberekerana ana, midzi ina inalowa pansi pa mafumu ngati Mponda ndi Makanjira, adzukulu n'kukula akuyankhula Chiyao mfunda uli womwewo. N'chifukwa chake lero muli Ayao a Banda, a Phiri, a Mbewe, a Mwale. Zimandipweteka kumva munthu akulandidwa mtundu wake chifukwa cha dzina. Ndinu Myao weniweni, ndiponso ndinu Banda weniweni.

Kwinanso ndi chimodzimodzi. Kamuzu Banda anali Mchewa wa ku Kasungu, Aleke Banda anali Mtonga wa ku Nkhata Bay. Joyce Banda anabadwa ali Mtila, dzinali analipeza pa ukwati. Rupiah Banda, amene analamulira Zambia kuyambira 2008 mpaka 2011, anabadwira ku Gwanda ku Zimbabwe, kumene makolo ake anapita kukafuna ntchito. Matchona ambiri anafalitsa dzinali motero mpaka ku Joni.

A ku Mexico aja ndi nkhani ina. Dzina lawo linachokera ku chilankhulo cha ku Spain. Kulinso mtundu wa Banda ku Central African Republic, zilumba za Banda ku Indonesia, ndi boma la Banda ku India. Kumeneko ndi kufanana kwa mawu chabe, palibe chibale.

Ngati agogo anu alipo, pitani mukawafunse mudzi umene a Banda a kwanu anachokera. Mukafunsenso amalume za mfunda wa amayi anu, poti kwathu kuno mbumba imawerengedwa kuchikazi ndipo dzina la pa chitupa silionetsa mbali imeneyo.