Mafilimu akale a atekitivi: muyambe ndi iti?

Bambo wina wa ku Nkhotakota wandilembera imelo. Akuti achimwene awo anawasiyira ma DVD a mafilimu akale a atekitivi, aja akuda ndi oyera, koma atangoika imodzi m'deki ana onse anathawa pabalaza. Ati anthu ake amangolongolola osamenyana, nkhope zawonso zofufuma ngati mandasi. Ndiye akufunsa ngati n'koyenera kutayirapo nthawi, komanso ayambe ndi iti.

Bambo, yambani mwagwira rimoti. Mafilimu a m'ma 1940 anajambulidwa pa chithunzi chopapatiza, cha 4:3, ndipo ma TV amakonowa amachikoka kuti chidzaze sikirini yonse. Kufufuma kwa nkhopeko kukuchokera pamenepo. Sankhani 4:3, mizere yakuda yotsala m'mbaliyo isakudandaulitseni. Kenako zimitsani getsi. Ojambula a nthawi imeneyo ankafotokoza nkhani ndi mthunzi: chipewa chikaphimba maso a munthu, dziwani kuti pali chimene akubisa. Ine kuno ku Salima ndimaonera usiku kutentha kukatsikako, ndipo masana sindiyesa n'komwe.

Ngati pamulupo pali The Maltese Falcon ya 1941, yambani ndi imeneyo. Inali filimu yoyamba kuwongoleredwa ndi John Huston. Humphrey Bogart akusewera ngati Sam Spade, tekitivi wa ku San Francisco yemwe mnzake wa ntchito akuwomberedwa koyambirira kwenikweni, pamene gulu la akathyali likulimbirana chosema cha mbalame yakuda. Aliyense wolowa mu ofesi mwake amanama, ndipo kukoma kwake kuli pogwira bodzalo inuyo Spade asanaligwire. Chingelezi chake n'chothamanga, choncho yatsani mawu olembedwa pansi aja. Palibe chamanyazi pamenepo, inenso ndimatero.

The Big Sleep ya 1946 muyambe mwaisunga. Nkhani yake ndi yopiringizika moti opanga filimuyo atafunsa mlembi wa buku lomwe filimuyo inachokera, Raymond Chandler, kuti anapha dalaivala wina wa m'nkhanimo ndani, iyenso anakanika kuyankha.

Anawo sindikuwaimba mlandu. Anazolowera za ku vidiyo shoo, komwe chibakera chimagwa mphindi iliyonse DJ akumasulira m'Chichewa. Ayeseni ndi mafilimu a tekitivi Sherlock Holmes. Basil Rathbone anasewera ngati Holmes m'mafilimu 14 kuyambira 1939 mpaka 1946, ndipo ambiri amangopitirira pang'ono ola limodzi, moti ngakhale batire la sola limakwanitsa.

Kunyumba kwathu timachita chonchi. Kukatsala mphindi 15 ndimaimitsa filimu, aliyense atchule wakupha ndi chifukwa chake, wolephera akatsuke mbale. Mdzukulu wanga wa Sitandade 7 poyamba ankagona pampando. Sabata yatha anandilanda rimoti n'kubweza kumbuyo kuti ationetse pomwe mayi wina anasintha mawu ake, ndipo anakhoza. Mbale tinatsuka ndi ife, agogo ake.