Ndalama za Kafukufuku pa Nthawi ya Mliri

Mwafunsa ngati kuli koyenera kuti boma liziika ndalama pa kafukufuku pamene zipatala zikusowa mankhwala. Ine ndikuona kuti n'koyenera ndithu, koma ndalamazo zimapindula kwambiri zikaperekedwa mliri usanagwe. Mu Novembala 2021, akatswiri a ku Botswana ndi ku South Africa anatulukira msanga mtundu wa Covid-19 wotchedwa Omicron chifukwa anali kale ndi zipangizo ndiponso luso limene analipeza pofufuza za HIV kwa zaka zambiri. Chimene chimandiwawa n'chakuti atalengeza poyera zimene anapezazo, Britain ndi America anatsekera zipata anthu ochokera m'maiko a kuno, kuphatikizapo Malawi, ndipo mchitidwe wotere ungachititse maiko kubisa zotsatira za kafukufuku mliri wina ukadzabuka.