SADC yafika pati pa za chitetezo? Kuyankha funso la achimwene aja

Achimwene, mwafunsa kuti kodi SADC, bungwe la mayiko a kum'mwera kwa Africa, yomwe imati mayiko ake amayendera limodzi pa za chitetezo ndi maubale ndi mayiko akunja yafika pati, komanso ngati asilikali athu anakafera ku Congo pa chinthu chenicheni kapena pa mapepala chabe. Ndaona ambiri angoyankha kuti ndi kalabu ya mapulezidenti basi n'kudutsa. Sakunama kwenikweni koma nkhaniyi ndi yaitaliko ndiye mundipirire, amene bandulo yake yatsala pang'ono angodumpha.

Mapepala alipo ndithu, ndipo lalikulu kwambiri linasayinidwa kwathu konkuno ku Blantyre. Nthambi yoona za ndale ndi chitetezo, imene amangoitchula kuti Organ, inayamba mu 1996 ku Gaborone, koma zaka zisanu zoyamba zinangothera mkangano chifukwa a Mugabe, amene anali wapampando wake, ankafuna iziyenda payokha pomwe a Mandela ankafuna izikhala pansi pa msonkhano waukulu wa atsogoleri. Atambala awiri m'khola limodzi. Zotsatira zake zinaoneka mu 1998, mwezi wa August Zimbabwe, Angola ndi Namibia anatumiza asilikali ku Congo kukathandiza Laurent Kabila pomwe South Africa sinagwirizane nazo, kenako September South Africa yomweyo ndi Botswana n'kulowa ku Lesotho, mashopu a mu Maseru n'kupsa, ndipo onsewa aliyense ankati akuchita m'dzina la SADC. Ndiye mu August 2001, nthawi ya a Muluzi, anakumana ku Blantyre n'kusayina pangano loti Organ izimvera msonkhano wa atsogoleri ndipo mpando uzisintha chaka chilichonse, mayiko atatu atatu amene amati Troika aja. Mu 2003 ku Dar es Salaam anawonjezera pangano lotetezana, mu 2007 ku Lusaka n'kukhazikitsa gulu la asilikali lokhala chire.

Koma pangano la 2003 lija muli kachiganizo kamodzi kamene kwa ine ndi pamene pagona nkhani yonse. Limanena bwinobwino kuti dziko limodzi likaputidwa ndi nkhondo ndiye kuti chigawo chonse chaopsezedwa ndipo tichitepo kanthu limodzi mwachangu, kenako pansi pake n'kunenanso kuti dziko lililonse litenga nawo mbali m'njira imene lokha laona kuti ndi yoyenera. Tangoganizani amfumu atalengeza kuti pa maliro aliyense azithandiza mmene waonera. Wina abweretsa ufa, wina nkhuni, wina angobwera kudzakhala pa siwa n'kudya nawo nsima, ndipo palibe amene waphwanya lamulo. SADC ili ndi mayiko 16 koma mukawerenga amene amatumizadi anyamata kukaima kutsogolo kwa mfuti ku Congo mupeza mayina omwewomwewo, South Africa, Tanzania ndi ife. Gulu lokhala chire lijanso musaganize kuti lili ndi kampu yake kwinakwake, ayi, ndi asilikali omwewa a ku Kamuzu Barracks, Cobbe ndi Moyale amene amadikira kuitanidwa, ndipo akaitanidwa funso loyamba limakhala loti alipira ndani.

Zabwino zilipo, ndisakunamizeni. Mu 2013 asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa anapita kum'mawa kwa Congo pansi pa United Nations ndipo pofika November chaka chomwecho gulu loukira boma la M23 linali litabalalika, ena kuthawira ku Uganda ena ku Rwanda. Imeneyo inali ntchito yooneka. Koma taonani kuti ndalama, ndege ndi chakudya zinkadutsira ku UN, ife tinapereka anthu. Ndipo tinaperekadi, mu November 2018 kufupi ndi Beni asilikali athu asanu ndi mmodzi anaphedwa polimbana ndi zigawenga za ADF, mmodzi mwa iwo Chancy Chitete amene anafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania, UN inadzamupatsa mendulo ya ulemu waukulu mu 2019 atamwalira kale. Mgwirizano wa pakati pa asilikali eni ake ndiye ulipo, mwana wa ku Malawi kufera mwana wa ku Tanzania, zimenezo sizolemba papepala. Ku Lesotho nako SADC inatumiza kagulu kumapeto kwa 2017 mkulu wa asilikali akumeneko ataphedwa ndi anzake, ndipo zinthu zinazizirako. Namondwe wa Freddy atatisakaza mu 2023 a Tanzania ndi a Zambia anabwera kudzathandiza kupulumutsa anthu. Komanso chinthu chomwe timachiiwala chifukwa tinachizolowera, mayiko a kum'mwera kuno sakuomberana okhaokha, pomwe m'ma 1980 asilikali a South Africa ankalowa mu Gaborone, Maseru ndi Matola ngati akulowa m'munda mwawo.

Tsopano tibwere ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, pakhomo pathu penipeni. Zigawenga zinayamba mu October 2017 ku Mocímboa da Praia. SADC inangokhala ikukumana, kutulutsa zikalata, kukumananso, zaka pafupifupi zinayi, mbali ina chifukwa boma la Maputo lenilenilo silinkafuna asilikali a anzake m'dziko mwake, linayamba layesa kaye makampani a nkhondo olipidwa, a Wagner a ku Russia kenako ena a ku South Africa. Zinatengera kuti tauni ya Palma iwukiridwe mu March 2021, TotalEnergies n'kuimitsa ntchito yake ya gasi, m'pamene anthu anadzidzimuka. SADC inavomereza kutumiza asilikali mu June 2021, koma asanafike n'komwe a Nyusi a Mozambique anali atagwirizana kale ndi a Kagame a Rwanda, asilikali a Rwanda pafupifupi 1,000 n'kutera mu July, pofika August atalanda kale Mocímboa da Praia. Rwanda si membala wa SADC. Paja amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma zinali zochititsa manyazi ndithu kuti m'bale wako nyumba ikupsa akuthamangira kukaitana munthu wa mudzi wina iwe uli pompo ndi ndowa. Mishoni ya SADC kumeneko, yotchedwa SAMIM, inagwirako ntchito yake, misonkhano ina yoiwonjezera nthawi inachitikira ku Lilongwe konkuno a Chakwera ali wapampando wa SADC, koma mu July 2024 inanyamuka nkhondo isanathe, nkhani ya ndalama ili pakamwa pa aliyense, a Rwanda n'kutsala.

Ku Goma, kum'mawa kwa Congo, ndiye kumene funso lanu likupweteka. A Tshisekedi, pulezidenti wa Congo, anathamangitsa asilikali a East African Community kumapeto kwa 2023 ponena kuti sakumenya M23 yomwe inali itadzukanso, n'kuitana SADC, paja Congo ili m'mabungwe onse awiri, Tanzania nayonso chimodzimodzi, ndiye munthu amangosankha bungwe lomwe lamukomera tsiku limenelo. Asilikali a SADC anayamba kufika mu December 2023. Anthu ankaganiza kuti zikhala ngati 2013 koma M23 ya ulendo uno inali ina, ya zida zamphamvu, ndipo malipoti a akatswiri a UN ankanena poyera kuti asilikali a Rwanda ali nawo limodzi ngakhale Kigali imakana. Ife tinapita ochepa, opanda mphamvu ya mumlengalenga yokwanira, pa ntchito yoti bajeti yake SADC imayenera kudzipezera yokha. Mu January 2025 Goma inagwa, South Africa inataya asilikali 14, ife atatu m'masiku amenewo, Tanzania awiri, otsalawo n'kutsekeredwa m'makampu mwawo bwalo la ndege litatsekedwa, a Ramaphosa ndi a Kagame akuyankhana mokalipa pamaso pa dziko lonse. A Chakwera analamula mu February kuti athu akonzekere kubwerera, SADC n'kudzathetsa mishoni yonse pa 13 March. Ndipo njira yotulukira? Pamsewu, kudutsa mu Rwanda momwemo, kukafika ku Tanzania. Ine pamenepo ndinangoti kakasi.

Mukandifunsa chomwe chinalakwika, ine ndimati asilikali anatumizidwa kukamenya nkhondo yomwe andale awo sanagwirizane kuti mdani ndi ndani. Mozambique ingadzudzule bwanji Rwanda mokweza pomwe asilikali a Rwanda ndi amene akulondera Palma? Angola inali mkhalapakati wa Congo ndi Rwanda pa zokambirana za ku Luanda ndiye sikanafuna kuoneka kuti yatenga mbali. Apa mpomwe mbali ina ya funso lanu ikulowera, ya maubale ndi mayiko akunja, chifukwa chitetezo chimodzi sichingatheke ngati aliyense ali ndi abwenzi ake amseri.

Ndipo kumeneko ndiye kulibiretu umodzi. Mu March 2022 ku UN kunali voti yodzudzula Russia polowa mu Ukraine, Malawi, Zambia ndi Botswana anavota kuti eya, South Africa, Mozambique, Zimbabwe, Namibia, Tanzania ndi Angola anangokhala chete osavotera mbali iliyonse. Mu December 2023 South Africa inakasumira Israel ku khoti la dziko lonse ku The Hague pa nkhani ya Gaza, nthawi yomweyo ife tikukweza achinyamata ndege kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, mu April 2024 n'kutsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv. Eswatini idakali ndi Taiwan pomwe ena tonse tili ndi Beijing, ife tinasintha nthawi ya a Bingu. Pa nkhani ya Western Sahara, dera lomwe Morocco imati ndi lake, SADC imati ili kumbali ya anthu a Sahrawi, inachititsa mpaka msonkhano ku Pretoria mu 2019, koma mamembala ena kuphatikizapo ife ndi Zambia anakatsegula maofesi ku Laayoune m'dera lomwelo mogwirizana ndi Morocco. Sindikunena kuti Malawi inalakwa, dziko losauka limayang'ana komwe kuli feteleza ndi ntchito, ndipo ife zoyenda patokha sitinayambe lero, a Kamuzu anali pa ubale ndi Pretoria ya tsankho kuyambira 1967 anzathu onse akuitemberera. Ndikungoti tisamadzinamize kuti pali mawu amodzi. Chinthu chimene ndimaona onse akuyimba nyimbo imodzi ndi cha zilango za Zimbabwe basi, mpaka anaika tsiku lake, 25 October. Ngakhale a European Union amene anayamba zoyendera limodzi zimenezi ndi pangano la Maastricht mu 1992 ndipo ndalama ali nazo, Hungary yokha yakhala ikuimitsa ziganizo za mayiko 27 chifukwa amafuna onse avomereze, ndiye vutoli si lathu lokha, kungoti iwo akagwirizana chikwama chimakhalapo.

Pa zisankho ndiye ndaonako kusintha pang'ono, apa ndiwayamikire. Kale owonerera a SADC ankadziwika ndi kudalitsa chilichonse. Koma mu August 2023 a Nevers Mumba a ku Zambia anatsogolera gulu ku Zimbabwe n'kunena poyera kuti chisankho sichinakwanitse mfundo zina za SADC, a ZANU-PF anawatukwana mpaka kutukwanira a Hichilema. Mu 2025 ku Tanzania gulu lotsogozedwa ndi a Richard Msowoya, sipikala wathu wakale, linanenanso kuti chisankho sichinafike pa muyezo. Vuto ndi loti lipoti likatuluka zimathera pomwepo, a Mnangagwa anadzakhala wapampando wa SADC yomweyo mu 2024. Ndipo musaiwale zomwe anachita ndi khoti lawo la ku Windhoek, litagamula mokomera alimi olandidwa minda ku Zimbabwe mu 2008 atsogoleri analiimitsa mu 2010, kenako n'kulilanda mphamvu yomva milandu ya anthu wamba. Ndiye amene akuti kalabu ya mapulezidenti aja pamenepa ali ndi mfundo.

Nanga nyanja yathu? Mkangano ndi Tanzania unabukanso mu 2012, tinaupereka kwa akuluakulu opuma a m'chigawo chino, a Chissano, a Mbeki ndi a Mogae, ife tikugwira pangano la Heligoland la 1890 loika malire m'mphepete mwa nyanja mbali ya Tanzania, iwo akuti malire ali pakati pa madzi, mpaka lero chigamulo palibe. Mayiko awiri amene asilikali awo amafera limodzi ku Beni ndi ku Goma koma sanamvane kuti malire awo ali pati.

Ndiye achimwene, kuti anyamata aja anafera chabe ine sindinganene, anatumidwa ndipo anapita, kuteteza anthu a ku Sake ndi Goma si chinthu chopanda pake. Amene ayenera kuyankha ndi owatuma, ndipo ndikanakonda aphungu athu akanafunsa ku Nyumba ya Malamulo kuti ndalama za mishoni imeneyi zinkachokera kuti, ndani analonjeza ndege ndipo zinathera pati, asanavomerezenso ulendo wina. Chifukwa taonani komwe nkhani ya Congo inakathera, mu March 2025 a Tshisekedi ndi a Kagame anakakumana ku Doha kwa mfumu ya Qatar, mu June nduna zawo n'kukasayina pangano ku Washington, nthawi imeneyo n'kuti magalimoto a asilikali a SADC akutuluka kudzera ku Rwanda.